Mabuku, madenga ndi lendi: mafunso ndi mayankho pa za oditi m'mabungwe a nyumba za anthu opeza zochepa mu Lusaka

Mafunso awa ndi amene sasowa m'misonkhano ya makomiti a makopaletivu, m'mabodi a mipingo imene ili ndi nyumba za lendi, ndiponso pakati pa anthu okhala m'nyumbazo.

Kodi nyumba zotere zikadalipo mu Lusaka? Si paja zinagulitsidwa?

Zambiri zinagulitsidwadi. Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, ndipo mabanja a ku Libala, Chilenje, Kabwata, Kamwala ndi Matero anasanduka eni nyumba pa mitengo yotsika zedi. Mabanjawo anapindula. Makhonsolo ndiwo anataya lendi imene inkawathandiza kuyendetsa ntchito zawo, ndipo sipanamangidwenso nyumba zochuluka chomwecho zolowa m'malo mwa zogulitsidwazo.

Amene akadali pantchitoyi ndi National Housing Authority (NHA), imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971, makopaletivu, mipingo, mabungwe ngati Habitat for Humanity Zambia amene ali m'dziko muno kuyambira 1984, komanso magulu osunga ndalama a Zambia Homeless and Poor People's Federation, amene mamembala ake ambiri ndi amayi a m'makomboni. Ena mwa awa sachititsa lendi, amamangira anthu kapena kuwabwereka ndalama zomangira. Koma onsewa agwira ndalama za eni ake ndi nyumba za eni ake. M'dziko limene akuti likuperewera nyumba pafupifupi 1.5 miliyoni, nyumba imodzi ikagwa chifukwa chosasamalidwa, kapena ikapita kwa munthu wosayenera, pali banja limene latsala padzuwa.

Odita amachita chiyani kwenikweni? Ndi wapolisi wa ndalama?

Ayi, ndipo apa ndi pamene makomiti ambiri amakhumudwira. Odita wakunja amabwera kamodzi pachaka kudzaona ngati malipoti a ndalama amene bungwe lalemba akunena zoona. Saona lisiti lililonse. Amatolako ena, n'kuwatsata kuchokera pamene ndalama inalandiridwa mpaka pamene inalowera ku banki. Akamaliza amalemba maganizo ake: kuti mabuku ali bwino, kuti ali bwino kupatula pa zinthu zakutizakuti, kuti ndi osadalirika, kapena kuti zikalata zasowa kwambiri moti sangathe kunenapo chilichonse. Lipoti loyera silitanthauza kuti palibe amene waba. Limangotanthauza kuti pa zimene anaona sanapeze cholakwika chachikulu.

Pamodzi ndi lipotilo pamabwera kalata ina yopita kwa oyang'anira, yofotokoza mipata imene waiona m'kayendetsedwe ka zinthu. Kalata imeneyi ndiyo yofunika kuiwerenga mofatsa, koma ndi imenenso imakonda kugona m'dirowa ya wapampando mpaka chaka chinzake, odita n'kudzalembanso zomwezo.

Odita wamkati ndi wina. Iye ali ndi bungwe chaka chonse, amayesa ngati malamulo amene munadziikira akutsatidwa, ndipo ayenera kupereka malipoti ake ku bodi kapena ku komiti yake ya oditi, osati kwa manijala amene akumufufuzayo.

Woyenera kusaina oditi mu Zambia ndi membala wa ZICA, bungwe la maakauntanti a m'dziko muno, amene ali ndi chiphaso chogwirira ntchitoyo, malinga ndi Accountants Act ya 2008. Mphwanu amene anaphunzira za akaunti ku koleji akhoza kukuthandizani kulemba mabuku, koma sangakhale odita wanu. Mabungwe a boma monga NHA ndi makhonsolo amaunikidwa ndi ofesi ya Auditor General, ndipo malipoti ake amapita ku Nyumba ya Malamulo, kumene makomiti a aphungu amaitana akuluakulu kudzayankha mafunso.

Ife tili ndi nyumba zochepa chabe. Zonsezi si za mabungwe aakulu?

Yambani mwaona kumene munalembetsa. Kampani yolembetsedwa ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa makampani, imatsata Companies Act ya 2017, kopaletivu imatsata Co-operative Societies Act ya 1998, ndipo bungwe lomwe si la boma lili ndi lamulo lake la 2009. Onaninso malamulo a bungwe lanu ndi mapangano amene munasaina ndi okuthandizani, chifukwa nthawi zambiri mumalembedwa kuti oditi ichitike chaka chilichonse.

Ngakhale pakanapanda lamulo, bungwe laling'ono ndilo lili pangozi kwambiri, chifukwa munthu mmodzi amagwira zonse. Amayi omwewo ndiwo atolera lendi, ndiwo alemba lisiti, ndiwo apita ku banki, ndiwonso awerenga lipoti pamsonkhano. Akhoza kukhala okhulupirika kotheratu, koma mwawaika pamalo oti tsiku lina ndalama ikadzasowa sadzakhala ndi wowachitira umboni. Gawani ntchito zitatu kwa anthu atatu: wolandira, wolemba m'buku, ndi woyerekeza bukulo ndi sitetimenti ya ku banki mwezi ukatha. Potulutsa ndalama pasaine anthu awiri, ndipo wina asamasainiretu macheke opanda kanthu pa chifukwa choti akupita kumudzi kumaliro. Zimenezi sizifuna ngwee.

Nanga ndalama zimathawira pati kwenikweni?

Sikawirikawiri kuti munthu anyamule chikwama chonse n'kuthawa. Zimatuluka pang'onopang'ono, m'njira zimene aliyense anazizolowera, mpaka ena amaziikira kumbuyo kuti mbuzi imadya pamene aimangirira.

Njira yakale ndi ya mabuku awiri a malisiti, lina la bungwe, lina logula ku Kamwala. Wolipira amapatsidwa lisiti looneka bwinobwino, koma nambala yake mulibe m'kaundula wa ofesi. Njira yatsopano ndi ya foni. Wogwira ntchito auza wokhala pa lendi kuti, "Amayi, ingotumizani pa nambala yanga, ndikakulipirirani ku ofesi." Mwezi woyamba amakalipiradi. Wachitatu amachedwetsa sabata ziwiri chifukwa wabwerekako za fizi ya mwana, akuyembekeza kubweza akalandira chilimba. Pofika wachisanu ndi chimodzi, akutseka dzenje la nyumba iyi ndi lendi ya nyumba iyo. Bungwe likhale ndi nambala yakeyake ya Airtel Money kapena MTN MoMo yolembetsedwa m'dzina la bungwe, ndipo ilembedwe pakhoma la ofesi ndi pa pangano lililonse la lendi.

Palinso nyumba zimene m'mabuku zalembedwa kuti mulibe munthu. Apa odita wongokhala mu ofesi sangapeze kanthu, chifukwa mapepala onse amagwirizana. Wabwino amatenga mndandanda wa nyumba zopanda anthu n'kupita kukagogoda. Afika pa nyumba imene akuti yakhala yotseka kuyambira Juni, apeza makatani pawindo, matewera ali pachingwe, mbaula ili pakhonde malasha akadali ofiira, ndipo mita ya ZESCO ikuonetsa mayunitsi ogulidwa posachedwa. Akafunsa mwaulemu kuti, "Pepani amayi, lendi mumalipira kwa ndani?", yankho limabwera pomwepo, nthawi zina ndi lisiti lomwe, chifukwa mayiwo sakudziwa kuti pali chobisa.

Zokonzakonza nazo zimadya. Invoisi ikunena malata 30, padenga pali atsopano 18. Simenti yalembedwa kuti inapita ku nyumba nambala yakuti, koma khoma likadali long'ambika. Ndalama ya dipoziti imene anthu amasiya polowa imasakanizidwa ndi ya tsiku ndi tsiku, ndiye munthu akamatuluka bungwe lilibe chomubwezera. Ndipo pali katangale amene saoneka m'buku la ndalama ngakhale pang'ono: mndandanda wa odikira nyumba. Mayi wamasiye wakhala pa nambala 3 zaka zingapo, nyumba zikupita kwa amene apereka nichekeleko kapena obwera ndi kalata ya munthu wamkulu. Odita afunse mndandandawo, aone masiku amene anthu analembetsa, n'kuyerekeza ndi amene anapatsidwa makiyi.

Kaundula wa ziopsezo n'chiyani, ndipo amalemba ndani?

Ndi pepala limene bodi imalembapo zinthu zimene zingaligwetse bungwe. Pa chilichonse mumayankha kuti chingachitike mosavuta bwanji, chikachitika chingawononge zochuluka bwanji, mukuchitapo chiyani panopa, ndani akuchiyang'anira, ndipo adzanena liti pamene wafika. Awiri omalizawo, dzina ndi tsiku, ndiwo amapatsa kaundula mano. Chiopsezo cholembedwa kuti "komiti iona" sichionedwa ndi aliyense.

Olemba ndi a bodi pamodzi ndi ogwira ntchito, osati odita, ndipo osati katswiri wolembedwa ganyu amene akubweretserani masamba 40 okopera kwina. Ziopsezo khumi zimene mukuzidziwa ndi mtima wonse n'zokwanira. Itanani kapitawo wa zokonzakonza ndi awiri atatu mwa okhala m'nyumbazo, chifukwa iwo ndiwo akudziwa chimbudzi chimene chimasefukira mvula ikangogwa.

Ndi ziopsezo ziti zimene bungwe la mu Lusaka siliyenera kuziiwala?

Madzi ndiwo oyamba. Mbali yaikulu ya mzinda uno, makamaka kumwera ndi kumadzulo, yakhala pa thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi apansi ali pafupi kwambiri. Malo ndi athyathyathya, madzi alibe kothawira. N'chifukwa chake Kanyama, Misisi, Chawama ndi John Laing amasefukira dzinja lililonse, kuyambira kale, monga zinachitikira pa ngozi ya Kanyama mu 1978. Ming'alu yomweyo imatenga zonyansa za m'zimbudzi zokumba n'kuzifikitsa m'zitsime zosaya. Kolera wa 2017 mpaka 2018 anakantha kwambiri makomboni a Chipata ndi Kanyama. Amene anayamba mu Okutobala 2023 anapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, National Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa mu 2024. Kwa bungwe la nyumba, izi zikutanthauza kuti ndalama yopopera zimbudzi ndi kugwebula ngalande iyenera kukhala mu bajeti ndi kugwiritsidwa ntchito Okutobala asanathe. Odita afunse malisiti a ntchito imeneyo ndi masiku ake. Kupopa chimbudzi mu Febuluwale, madzi atalowa kale m'nyumba, n'kutaya ndalama.

Wachiwiri ndi moto. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ochuluka patsiku, ndipo makandulo, mbaula ndi masilinda a gasi zinalowa m'zipinda zogona. Onjezani mawaya olumikiza mwachinyengo ndi zitsulo zotchinga mbala zowotcherera pa windo lililonse popanda potulukira. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi anthu amagona ndi mbaula m'chipinda chotseka, ndipo utsi wake wosaoneka umapha. Inshuwalansi ilipo? Inalipiridwa chaka chino? Mtengo wa nyumba umene unalembedwapo ndi wa lero kapena wa zaka khumi zapitazo? Moto ukachitika, kampani idzalipira zimene zili papepala.

Wachitatu ndi malo. Bungwe lidziwe pepala limene lili nalo pa nyumba iliyonse: taitolo ya zaka 99 yochokera ku Unduna wa za Malo, chilolezo chokhalapo cha zaka 30 chimene khonsolo imapereka m'makomboni ovomerezeka, kapena kalata chabe ya wapampando wa chipani amene anagawa mapuloti nthawi ina. Yomalizayo si pepala la malo. Onaninso dzina limene lili pa taitolo. Mipingo ndi makopaletivu ena analembetsa malo m'dzina la mtsogoleri wawo woyamba chifukwa zinali zachangu. Mkuluyo akamwalira, ana ake amabwera ndi loya, ndipo pamapepala iwo ndiwo ali ndi mphamvu.

Timamva za Grenfell ku London. Ife tilibe nyumba zosanja zotalika chomwecho, ndiye zikutikhudza bwanji?

Moto wa Grenfell Tower unachitika pa 14 Juni 2017 ndipo unapha anthu 72. Inali nyumba ya khonsolo, ndipo zophimba kunja zimene anaika poikonza ndizo zinafalitsa motowo. Chimene chikutikhudza n'chakuti okhalamo anali atadandaula za chitetezo cha moto kwa nthawi yaitali, koma oyang'anira ankawaona ngati anthu ovuta. Mu Disembala 2020, ku Rochdale m'dziko la England, mwana wa zaka ziwiri anamwalira chifukwa cha nkhungu ya m'nyumba yonyowa imene makolo ake anali ataidandaula kangapo. Zitachitika izi, mu 2023 anakhazikitsa lamulo latsopano lopatsa mphamvu zambiri bungwe loyang'anira eni nyumba zotere ku England.

Oyang'anira nyumba pa nkhani ziwirizi anali mabungwe okhala ndi maakauntanti ndi maodita. Chimene chinalephereka ndi kumva. Choncho buku la madandaulo liziunikidwa mofanana ndi buku la ndalama: dandaulo linabwera liti, linali la chiyani, anapitako ndani, linatha liti. Ngati bungwe lanu lilibe buku lotere, kapena lilipo koma ndi loyera, musanyade kuti anthu ndi okhutira. Mwina anatopa, kapena akuopa kuti akalankhula atulutsidwa.

Lendi yathu ndi yotsika dala kuti osauka akwanitse. Cholakwika n'chiyani?

Palibe cholakwika malinga ngati mukudziwa amene akulipira chotsalacho. Nthawi zambiri amalipira ndi denga. Tiyerekeze bungwe la nyumba 40, iliyonse K800 pamwezi. Papepala ndi K32,000. Ngati nyumba ziwiri zili zopanda anthu ndipo mabanja asanu ndi limodzi sanalipire, m'manja mwalowa K25,600. Chotsanipo malipiro a mlonda ndi kalaliki, ndalama ya penshoni yawo ku NAPSA, msonkho wa khonsolo, wa boma ku ZRA, inshuwalansi ndi madzi. Chotsala n'chimene chiyenera kugula malata, mapaipi ndi penti, ndipo kawirikawiri sipatsala kanthu.

Mitengo nayo siima. Mu 2021 kukwera kwa mitengo mu Zambia kunapitirira 20 peresenti, dziko litalephera kubweza ngongole yake yakunja ya Eurobond mu Novembala 2020. Lendi imene sinasinthe m'zaka zimenezo inatsika yokha popanda womuuza. Bungwe limene linatenga ngongole ya madola pomwe lendi likulandira m'makwacha linaona zakuda.

Ku England mabungwe a nyumba amalamulidwa kuyesa mapulani awo a ndalama powaponyera mavuto ongoyerekeza. Inunso mungachite zimenezi ndi pensulo. Bwanji ngati theka la anthu lalephera kulipira miyezi itatu? Bwanji ngati simenti yakwera ndi kota? Bwanji ngati wotithandiza wasiya, zonsezi n'kuchitika chaka chimodzi? Pezani mwezi umene ndalama ingathere, ndipo gwirizanani lero chimene mudzayambe kudula. Ndalama ya zokonza zikuluzikulu ikhale mu akaunti yakeyake, yosakhudzidwa ngakhale pa Khirisimasi. Kukweza lendi pang'ono chaka chilichonse, mutafotokozera anthu ndi manambala, kumapweteka pang'ono kusiyana ndi kuiwirikiza kamodzi patatha zaka zisanu ndi ziwiri.

Amene ali ndi ngongole ya lendi tiziwatulutsa?

Musanafike pamenepo, gawani ngongolezo malinga ndi msinkhu wake: za mwezi umodzi, za miyezi itatu, zopitirira chaka. Ya mwezi umodzi imabwezeka mukapita kukacheza msanga. Ya chaka nthawi zambiri siibwera, ndipo odita adzakuuzani kuti musamaiwerengere ngati chuma. Ambiri mwa anthuwa ndi ogulitsa ku msika wa Soweto, oyendetsa minibasi ndi a maganyu, amene ndalama imawapeza tsiku ndi tsiku, choncho kuwalola kulipira pasabata kumathandiza kuposa kalata yoopseza. Onaninso mayina a amene ali ndi ngongole zazikulu. Si zachilendo kupezamo a m'komiti momwemo.

Zikakanika, njira ndi ya kukhoti. Kuzula chitseko, kudula madzi kapena kutaya katundu panja kumasandutsa bungwe kukhala wolakwa.

Mlamu wa wapampando ndi mmisiri wabwino ndipo ndi wotchipa. Tisamupatse ntchito?

Akhoza kupatsidwa, koma poyera. Wapampando anene ubalewo, zilembedwe m'maminitsi, atuluke panja pokambirana, ndipo pakhale mitengo ya amisiri ena yoyerekeza nayo, yochokeradi kwa anthu osiyana, osati makoteshoni atatu olembedwa ndi dzanja limodzi. Pa ntchito yaikulu onani ngati kontirakita ali ndi satifiketi ya National Council for Construction. Wotsimikiza kuti ntchito yatha bwino asakhale yemwe anaitanitsa mmisiriyo. Mabungwe a boma ali ndi malamulo ena owonjezera a Public Procurement Act ya 2020.

Ine ndimangokhala pa lendi. Ndili ndi mbali yanji pa zimenezi?

Yaikulu. Sungani lisiti lililonse ndi uthenga uliwonse wa pafoni wotsimikiza kuti mwalipira, ndipo kamodzi pachaka pemphani sitetimenti ya nyumba yanu kuti muone ngati zikugwirizana. Odita akakutumizirani kalata kapena kukufunsani ngongole imene muli nayo, nenani zoona, chifukwa ndi mmene amagwirira ndalama zimene zinalandiridwa koma sizinalembedwe. Ngati ndinu membala wa kopaletivu, muli ndi ufulu womva lipoti la odita pamsonkhano waukulu wa pachaka ndi kufunsa mafunso. Msonkhano umene umangoimitsidwa chaka ndi chaka ndi chizindikiro choipa.

Mukaona zachinyengo mungathe kukanena ku Anti-Corruption Commission kapena kupolisi, ndipo kuyambira 2010 pali lamulo loteteza oulula zoipa. Bungwe nalonso lili ndi udindo pa inu: makope a NRC ndi manambala a foni amene linatolera ayenera kusungidwa motsata Data Protection Act ya 2021. Kumata pageti mayina a amene ali ndi ngongole, kapena kuwaponya pa gulu la WhatsApp, kungaliike bungwe m'mavuto.

Odita wapeza kuti ndalama zasowa. Tiyambire pati?

Tetezani zikalata tsiku lomwelo: mabuku a malisiti, kompyuta, foni ya bungwe, makiyi a kabati. Uzani banki kuti osaina asintha. Woganiziridwayo apumitsidwe kaye motsata malamulo a ntchito, apatsidwe mpata woyankha, ndipo nkhani isayambe kuyenda m'komboni musanatsimikize, chifukwa nthawi zina chosowacho ndi lisiti, osati ndalama. Pemphani kafukufuku wapadera woti apeze kuchuluka kwake, nthawi imene zinayamba ndi amene ankadziwa. Ngati muli ndi inshuwalansi yoteteza ku kuba kwa antchito, auzeni msanga, chifukwa mapangano ake amakhala ndi malire a masiku. Okuthandizani amve kwa inu, asamve kwa ena.

Chiyeso chachikulu chimabwera apa, makamaka m'mabungwe a mpingo: akuluakulu amati tikambirane pachibale, abweze pang'onopang'ono, tisachititse manyazi dzina la bungwe. Kubweza n'kwabwino, ndipo pangano lake lilembedwe ndi kusainidwa pamaso pa loya. Koma chisankho chokanena kupolisi kapena ayi chipangidwe ndi bodi yonse n'kulembedwa m'maminitsi, osati ndi anthu awiri m'galimoto kunja kwa tchalitchi. Ndipo amene analipira lendi kwa wakubayo ali ndi malisiti awo asauzidwe kuti alipirenso. Ngongoleyo ndi ya bungwe, chifukwa ndi bungwe limene linamutuma kukatolera.